Dzimbiri pa chitseko cha aluminiyamu

Amalume anga anagwira ntchito ya umakaniko kwa zaka zoposa 30, ndipo mbali yaikulu ya zaka zimenezo anaithera chagada pansi pa ma Land Rover a m'maesiteti ndi a m'zipatala za kumidzi. Tsiku lina atabwera kudzationa, ndinawatulutsira kachifanizo ka Land Rover Series III kamene ndinali nditangomaliza kumene kukapenta. Ndi kagalimoto kapulasitiki ka sikelo ya 1/24, kutanthauza kuti milimita imodzi pa iko ikuimira mamilimita 24 pa galimoto yeniyeni, kotalika masentimita pafupifupi 18, kochokera m'bokosi la kampani ya Revell, ndipo ndinali nditakagwirira ntchito madzulo aliwonse kwa miyezi iwiri. Anavala magalasi, anakaika pachikhatho, nakatembenuza pang'onopang'ono kufupi ndi zenera, kenaka analoza ndi chikhadabo timizere tofiirira timene ndinatitsitsa pakati pa chitseko cha dalaivala.

"Mphwanga, ichi n'chiyani?"

"Ndi dzimbiri, amalume."

"Lata la chitseko cha Land Rover ndi aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Ukafuna kuona dzimbiri pa galimoto imeneyi, ugwade uyang'ane kunsi."

Anali kunena zoona. Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948, nthawi imene chitsulo chinali chosowa ku Britain chifukwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha kumene, choncho fakitale ya ku Solihull inapanga thupi la galimotoyo ndi malata a aluminiyamu wosakaniza otchedwa Birmabright. Kapangidwe kameneka kanapitirira mpaka pa Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985. Chitsulo chili pa chassis, felemu ya kunsi imene imanyamula galimoto yonse, pa chipupa cholekanitsa injini ndi mokhala anthu chimene amakaniko amachitcha bulkhead, pa mafelemu a m'kati mwa zitseko, pa mahinjesi, pa marimu ndi pa masipuling'i. Bampala ya kutsogolo ndi timalata ta m'mphepete mwa thupi n'zachitsulo chokutidwa ndi zinki, chimene chimangotuwa pokalamba. Ine ndinali nditamwaza dzimbiri pa boneti, pa zitseko ndi pa denga, malo onse a aluminiyamu, pamene chassis ndinaisiya ili bii ngati yangotuluka m'fakitale dzulo. Manja anga anali atachita zimene ndinawaphunzitsa, ndipo timizereto tinali tosalala bwino ndithu, koma tinali kunena bodza za galimotoyo.

Ndakhala ndikulingalira kumene cholakwa chimenechi chinachokera, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri amene timapenta tizifanizo timagwera m'mbuna yomweyi. Luso lopangitsa kachifanizo katsopano kuoneka ngati chinthu chimene chagwira ntchito padzuwa ndi pamvula, limene anzathu akunja amalitcha weathering ndipo ine ndimangoti kukalambitsa, ndinaliphunzira poonera makanema a pa YouTube. Ambiri mwa makanemawo ndi a anthu openta akasinja a nkhondo a sikelo ya 1/35, imene kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka m'dziko la Japan inaitchukitsa. Luso lawo lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, François Verlinden wa ku Belgium anafalitsa njira yopukuta m'makona ndi burashi yotsala pang'ono kuumiratu kuti tizigawo totukuka tiwale, ndipo pambuyo pake akatswiri a ku Spain, makamaka Mig Jimenez, anabweretsa kapentedwe kodzaza ndi penti wosupuka, dzimbiri lotsikira m'munsi, matope ndi fumbi. Anthu amenewa amadziwa chimene akuchita, ndipo akasinja ambiri ndi achitsulo. Vuto limabwera kwa wophunzira amene amatengera kachifanizo ka mnzake, mnzakeyonso atatengera ka wina, mpaka kufika poti palibe amene anayang'anapo galimoto yeniyeni. Tili ana tinkapanga magalimoto a mawaya, ndipo aliyense wa ife ankasiyanitsa mphuno ya Bedford ndi ya Land Rover chifukwa tinkaima m'mbali mwa msewu n'kumayang'anitsitsa chilichonse chodutsa. Chizolowezi chimenecho ndinali nditachitaya osazindikira.

Loweruka lotsatira amalume ananditengera ku garaja ya mnzawo, kumene kuseri, pansi pa mtengo wa mango, kunali Land Rover yaitali yobiriwira imene inkayendabe mwa apo ndi apo kukatuta chimanga kumunda. Nditapempha chilolezo kwa eni ake, ndinatulutsa foni, kope ndi rula, ndipo ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti galimotoyo inalibe mtundu umodzi. Pamwamba pa boneti ndi pa mapiko a kutsogolo penti anali atasuluka n'kukhala wobiriwira motuwa, ndipo nditadutsitsapo chala chinatuluka ndi kaufa ngati ka choko. M'mbali, makamaka m'munsi mwa ngalande ya denga kumene kumakhala kamthunzi, kubiriwira kunali kudakali kozama. Mnyamata wa pagarajapo atachotsa tayala la sipeya pa boneti, pansi pake panaoneka chizunguliro cha penti wakale, wakuda ndi wonyezimira, monga momwe galimotoyo inalili ikadali yatsopano. Pozungulira chogwirira cha chitseko panali posalala ndi powala chifukwa cha manja, ndipo pamwamba pa mapiko, pamene amakaniko amatsamira ndi kuika masipanala, penti anali atatheratu n'kutsala aluminiyamu wotuwa wosawala. M'munsi mwa zitseko, pamene lata la aluminiyamu limakhudzana ndi felemu yachitsulo, penti anali atatukusira timatuza, ndipo timatuza tina tinali titaphulika n'kuonetsa kaufa koyera konga mchere. Amalume anandifotokozera kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pamalo achinyezi, aluminiyamu ndiye amadyeka.

Dzimbiri linalipo ndithu, koma m'malo ake. Linali pa mahinjesi, ndipo kuchokera pa bawuti iliyonse panatsika kamzere kafupi kofiirira kodutsa pa lata la chitseko, kutanthauza kuti dzimbiri likhoza kuoneka pa aluminiyamu ngati pamwamba pake pali chitsulo chimene likuchokera. Linali m'makona a bulkhead, poponda mapazi, ndi pa mtanda wa kumbuyo wa chassis. Mtundu wake unandidabwitsa, chifukwa ine ndinkapenta dzimbiri lowala ngati lalanje, pamene ili linali lodera ngati khofi, ndipo pa masipuling'i linali litasakanikirana ndi oyilo ndi dothi mpaka kuda. Kuwala kwa lalanje ndinakuona pa malo amodzi okha, pamene unyolo unali utakhula chitsulo masiku apitawo. Ndinayezanso ndi rula malo amene penti anasupuka ndi miyala. Ambiri sankapitirira mamilimita 5, ndipo mamilimita 5 mukawagawa ndi 24 mumapeza kadontho ka milimita 0.2, kochepa kuposa nsonga ya pensulo yosongola. Timabala timene ndinapenta pa kachifanizo kanga tinali ta mamilimita awiri kapena atatu, ndiye kuti pa galimoto yeniyeni tikanakhala zigamba za masentimita 5 mpaka 7.

Mabokosi a tizifanizo sapezeka wamba kuno, ndipo langa linachita kubwera m'chikwama cha wachibale kuchokera ku Johannesburg, choncho kugula lina sikunali kotheka. Mwamwayi thupi ndinali ndisanalimate pa chassis. Ndinachotsa magalasi mosamala, ndinaviika thupilo m'mankhwala otchedwa isopropyl alcohol usiku wonse, ndipo m'mawa penti wa acrylic anachoka ndi mswachi wakale. Pulasitiki atabwerera poyera ndinaona zimene changu chinandibisira ulendo woyamba: timizere ta chikombole m'mbali mwa mapiko, ndi chidindo cha chala changa pamene guluu anasefukira. Ndinazisalaza ndi sandipepa ya nambala 1000 kenaka 2000, ndikuinyowetsa ndi madzi, ndipo ndinapopera penti wotuwa woyambira, amene ntchito yake ndi kugwiritsa penti wapamwamba komanso kuulula chilema chilichonse chotsala. Kukalambitsa sikubisa ntchito yosalongosoka, chifukwa penti wamadzimadzi amathamangira m'ming'alu momwemo n'kuionetsa kwambiri.

Pa nkhani ya airbrush, kachida kopopera penti ndi mpweya, ndataya nthawi yambiri ndi penti wambiri, ndipo zimene zandithandiza kuposa zonse ndi masupuni apulasitiki ndi kope. Ndisanapopere chilichonse pa kachifanizo, ndimayamba ndapopera kuseri kwa supuni, n'kulemba pa chogwirira chake muyeso wa penti ndi thinner (mankhwala osungunulira penti), mphamvu ya mpweya ndi tsiku. Airbrush yanga ili ndi kamwa ya milimita 0.3, ndipo pa penti wa acrylic wa Tamiya ndimayambira pa muyeso umodzi wa penti ku umodzi wa X-20A, thinner wa kampani yomweyo, mphamvu ya mpweya ili pakati pa 15 ndi 18 pa muyeso wa psi, dzanja lili masentimita 8 kapena 10 kuchokera pa chimene ndikupenta. Penti wosungunulidwa bwino amatsika m'mbali mwa kapu ngati mkaka, n'kusiya kautoto kopyapyala koonekera. Ndi bwino kudutsa katatu kapena kanayi mopepuka kusiyana ndi kufuna kuphimba zonse ulendo umodzi, popeza penti wochindikala amakwirira timitu ta mariveti timene pambuyo pake timafunika kuti tigwire mthunzi.

Miyeso imene anthu a ku Ulaya amalemba imafunika kuisintha potengera nyengo yathu, ndipo kope langa landionetsa zimenezi momveka. Mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake, penti amauma ali m'malere asanafike pa pulasitiki, ndipo pamwamba pake pamatuluka pokhakhala ngati sandipepa. Amaumanso pa nsonga ya singano n'kuyamba kulavula timadontho. Nthawi imeneyo ndimaonjezera thinner mpaka miyeso iwiri, ndimathira kadontho ka mankhwala ochedwetsa kuuma, ndimasendeza dzanja pafupi, ndipo ndimapenta m'mamawa kusanatenthe komanso mphepo isanayambe kuulutsa fumbi. Mu Januwale vuto limatembenuka. Chinyezi chimadzikundikira mu paipi ya kompuresa n'kutuluka mwadzidzidzi ngati kadontho ka madzi, ndipo vanishi wosawala akapoperedwa tsiku lamvula amatha kuchita mbuu ngati nkhungu. Kasefa kogwira madzi pa paipi kamathetsa vuto loyambalo, ndipo lachiwirilo mankhwala ake ndi kudikira tsiku louma. Nyengo iliyonse ndimapopera pafupi ndi zenera lotsekula nditavala chophimba mphuno chokhala ndi zosefera nthunzi za mankhwala, chifukwa kansalu wamba sikatchinga nthunzi zimenezi.

Ulendo uno ndinayamba ndi zimene zili pansi pa penti, monga momwe galimoto yeniyeni ilili. Thupi lonse ndinalipopera mtundu wa aluminiyamu, XF-16 pa manambala a penti a Tamiya, nditauchepetsa kuwala ndi kadontho kotuwa, ndipo bulkhead ndi mahinjesi ndinazipatsa mtundu wodera wa chitsulo chakale. Nditatseka ndi vanishi n'kudikira tsiku lathunthu, ndinapopera kawiri mopepuka hairspray, mankhwala aja oumitsa tsitsi, pa malo okhawo amene ndinaona atasupuka ku garaja. Njira imeneyi imagwira ntchito chifukwa hairspray amasungunuka ndi madzi: mukapopera penti wopyapyala pamwamba pake, kenaka n'kunyowetsa ndi burashi patapita mphindi zochepa, madzi amalowerera n'kumasula zapansizo, ndipo pentiyo amachoka m'tizidutswa tosaumbika ngati momwe amachokera pa galimoto. Chofunika ndi kudekha pamene madzi akulowerera. Ukakanda msanga palibe chimachoka, ndipo ukakakamiza ndi mphamvu chimachoka chigamba chachikulu nthawi imodzi. Ndinagwiritsa ntchito burashi yakale yometa kuti ikhale yolimba, ndi kamtengo kotokosera m'mano pa timikwasa titalititali ta m'mbali timene tchire limasiya. Pa timabala ta miyala kutsogolo ndinagwiritsa ntchito kachidutswa ka siponji kogwira ndi kopanira, nditakapukuta pa pepala mpaka kutsala pang'ono kuuma.

Kubiriwira ndinakusakaniza m'timabotolo titatu. Koyamba kanali XF-26, wobiriwira wozama, kodetsedwa pang'ono, ka m'munsi mwa ngalande ya denga ndi pansi pa tayala la sipeya. Kachiwiri ndinakathira XF-57, mtundu wonga mchenga, ka m'mbali. Kachitatu kanali ndi XF-57 wochuluka ndi kadontho kotuwa, ka pamwamba pa boneti ndi mapiko. Ulendo woyamba ndinkasulutsa mtundu pothira woyera, ndipo zotsatira zake zinali kubiriwira kozizira konga kwa timabotolo ta mankhwala, kumene sikufanana ndi penti wopsa ndi dzuwa. Pa boneti ndinamata kapepala kozungulira kofanana kukula ndi tayala ndisanapopere mtundu wosuluka, ndipo tayalalo ndinalikhazika mopendekera pang'ono kuti kachigawo ka chizunguliro chakudacho kazioneka. Mwa zonse zimene ndinachita pa kachifanizoka, kameneka ndi kamene kamandikondweretsa kwambiri, ngakhale kuti anthu ochepa okha ndi amene amakaona.

Pa mitundu ya penti pali lamulo limodzi limene wophunzira ayenera kulimvetsa bwino, chifukwa likaphonyeka ntchito ya milungu ingapo imasungunuka m'kanthawi kochepa. Chosungunulira cha penti wapamwamba chisakhale chotha kudya penti wapansi. N'chifukwa chake ambiri timapenta mtundu ndi acrylic, n'kutseka ndi vanishi wonyezimira wa acrylic monga X-22, kenaka n'kukalambitsa ndi enamel kapena penti wa oyilo, zimene zimasungunuka ndi white spirit. White spirit sakhudza acrylic wouma bwino, choncho chimene chalakwika chimapukutika. Kunyezimirako kulinso ndi ntchito yake: penti wamadzimadzi amayenda yekha m'ngalande ndi mozungulira mariveti pa malo osalala, pamene pa malo osawala amamwerera n'kusiya banga. Timapepala ta manambala ndi zizindikiro timamatanso bwino pa malo onyezimira, popanda kampweya kotsalira pansi kamene kamaoneka ngati siliva. Chenjezo lokha n'lakuti white spirit akachuluka n'kulowa m'malo olumikiza amafooketsa pulasitiki, ndipo tizigawo topyapyala ngati ta masipuling'i ndi magalasi a m'mbali timathyoka mosavuta.

Kale ndinkasambitsa kachifanizo konse ndi penti wakuda wamadzimadzi, ndipo kankatuluka kothimbirira paliponse mofanana. Tsopano ndimatenga burashi yosongoka, n'kugunditsa nsonga yake pa mzere wa chitseko kapena pa hinjesi, pentiyo n'kuyenderera yekha. Pakapita mphindi 15 ndimapukuta zosefukira ndi burashi ina yonyowa pang'ono. Wakuda weniweni ndinamusiya, chifukwa m'ming'alu ya galimoto ya ku garaja munali dothi lofiirira. Penti wa oyilo wa m'machubu, amene ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito, ndi amene ndimamukonda kuposa onse, ndipo machubu anayi okha, burnt umber wodera, burnt sienna wofiirira, yellow ochre wachikasu ndi woyera, andikwanira kwa zaka. Ndimafinyira pang'ono pa katoni n'kusiya kwa ola limodzi kapena awiri kuti katoniyo imwe mafuta, apo ayi pentiyo amachedwa kuuma ndipo amawala. Kamzere ka dzimbiri ka pa hinjesi ndinakapanga ndi kadontho kamodzi ka burnt umber kosakaniza ndi burnt sienna pang'ono pansi pa bawuti, n'kukakokera m'munsi kamodzi ndi burashi yafulati yongonyowa pang'ono, mtunda wa mamilimita atatu basi. Timatuza toyera ta m'munsi mwa zitseko ndinatidontheza ndi woyera wothira ochre pang'ono. Penti wa oyilo amafuna masiku awiri kapena atatu kuti aume mokwanira kulandira vanishi, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku amenewo ndimaphimba kachifanizo ndi bokosi kuti fumbi la m'nyumba lisakagwere, ndipo sindikakhudza.

Fumbi ndilo linanditengera nthawi yochuluka kuposa china chilichonse, ndipo ndi pamene ndinapeza kuti zimene ndikufuna zili pakhomo pomwe. Timabotolo ta ufa wa utoto timene makampani akunja amagulitsa tili ndi mitundu ya dothi la ku Ulaya ndi mchenga wa m'zipululu, ndipo ngakhale mitundu yofiira iliponso, palibe imene inafanana ndi katondo wa m'misewu imene galimoto ya ku garaja ija inkayendamo. Ndinatapa katondo wouma m'mbali mwa msewu, ndinamuyanika padzuwa masiku awiri, ndinamupera ndi supuni pa mbale, n'kumusefa kawiri, komaliza pa nsalu yopyapyala kwambiri. Kusefako n'kofunika chifukwa kamchenga ka milimita imodzi pa sikelo ya 1/24 ndi mwala wa mamilimita 24. Chimene chimatsala ndi ufa wosalala ngati ufa woyera. Dothi lenileni likakhala pa kanthu kakang'ono limaoneka lofiira mopitirira, choncho ndinalisakaniza ndi choko cha pastel chotuwa chimene ndinachipala ndi mpeni. Pa chassis ndi m'kati mwa mapiko ndinawaza ufawo wouma, n'kudontheza white spirit m'mphepete kuti ayenderere yekha ndi kuugwira. Pamene pamafunika matope okhuthala, kumbuyo kwa matayala, ndinausakaniza ndi guluu woyera wa matabwa wothira madzi, n'kuuthovola kuchokera pa burashi yolimba poikhwekhwereza pa kamtengo, molunjika kumene tayala lozungulira lingaponyere.

Zithunzi za ku garaja zinandiphunzitsa kuti fumbi silikhala mofanana paliponse. Pa galimoto ya msana woongoka ngati Land Rover, mphepo imazungulira kumbuyo n'kubweza fumbi lonse pa chitseko cha kumbuyo, choncho kumeneko ndi kumene kumafiira kwambiri, pamene mphuno imakhala yoyererapo. M'mbali fumbi limachindikala m'munsi n'kumapepuka pokwera. Limaunjikana pa kanthu kalikonse kotukuka, pa mahinjesi, pa mitu ya mariveti ndi m'ngalande ya denga, ndipo limamatirira n'kuda pamene pali mafuta, monga pansi pa chivindikiro cha thanki ndi pozungulira ma hub, pakati pa matayala. Pa matayala, amene ndinawapenta XF-85, wakuda wonga labala, m'malo mwa wakuda weniweni, fumbi limakhala m'ngalande ndi m'mbali, koma mapazi okhudza msewu amakhala oyera. Ndinapaka ufa tayala lonse kenaka n'kupukuta pamwamba pa mapaziwo ndi chala. Pa galasi la kutsogolo ndinadula timapepala tomata m'maonekedwe a njira ya mawaipa, ndinapopera XF-57 wosungunulidwa kwambiri ulendo umodzi wokha, n'kuchotsa timapepalato. Pa chitseko cha kumbuyo ndinapukuta fumbi pozungulira chogwirira ndi kathonje, ndipo ndi burashi yonyowa ndinatsitsa timizere tingapo pamene mvula yoyamba ingadutse.

Vanishi womaliza amadya fumbi, ndipo zimenezi zimakhumudwitsa munthu amene sanaziyembekezere: ufa umene unkaoneka bwino umazimirira ukangonyowa. Njira imene ndakhazikika nayo ndi kupopera vanishi wosawala, XF-86, penti wa oyilo atauma koma fumbi lisanaikidwe, kenaka fumbilo n'kukhala lomaliza. Zotsatira zake n'zakuti kachifanizoko sikayenera kugwidwagwidwa, choncho ndinakamangirira ndi kawaya pa kathabwa. Malo opukutika ndi manja ndinawabwezera kuwala powakhula ndi kansalu kofewa, ndipo m'mphepete mwa popondera ndinadutsitsa pensulo wamba, amene amapereka kuwala kwa chitsulo chopondedwapondedwa kuposa penti aliyense wa siliva.

Chizolowezi china chimene ndinayamba pa ntchito imeneyi ndi kujambula kachifanizo ndi foni panja pamthunzi ndikamaliza gawo lililonse, n'kuika chithunzicho pambali pa cha galimoto yeniyeni. Maso amene akhala akuyang'ana chinthu chimodzi kwa maola atatu pansi pa nyali amazolowera, ndipo amapempha kuonjezera. Chithunzi chimaonetsa msanga pamene zapitirira muyeso, makamaka mukachisandutsa chakuda ndi choyera, chifukwa mitundu ikachoka mumaona ngati timabala tatuluka mowala kuposa momwe tiyenera. Kawiri konse ndinabwerera kukafufuta zimene ndinali nditachita dzulo lake, kamodzi pa denga pamene timizere ta mvula tinali titaima motalikirana mofanana ngati mpanda, ndipo kenanso pa chitseko cha kumanzere chimene ndinachikalambitsa mofanana ndendende ndi cha kumanja, pamene chitseko cha dalaivala chimatsekulidwa kambirimbiri kuposa chinzake.

Amalume anabweranso patapita miyezi itatu. Ulendo uno anagwira kathabwa, anawerama n'kuyamba kuyang'ana kunsi, ndipo anakhala nthawi yaitali pa mtanda wa kumbuyo ndi pa masipuling'i osalankhula kanthu. Atafika pa boneti anaona kachigawo ka penti wakuda pansi pa tayala la sipeya, nagwedeza mutu movomereza. Kenaka anatembenuzira kachifanizoko kutsogolo n'kuloza kuseri kwa tayala.

"Apa pali mpira wachitsulo pamene tayala limakhotera, ndipo sindinaonepo Series yakale imene siikha oyilo pamenepa. Pako pauma, mphwanga."

Ndinatsegula foni n'kupeza chithunzi cha malo omwewo pa galimoto ya ku garaja, ndipo analidi onyowa, akuda, fumbi litamatirira mozungulira n'kupanga chikhakha chochindikala. Ndinali nditawajambula koma osawaona. Madzulo omwewo ndinafinyira burnt umber pa katoni, ndinasakaniza ndi katondo pang'ono kuti ndiumbe chikhakhacho, ndipo chitauma ndinadontheza pakati pake kadontho ka vanishi wonyezimira ndi nsonga ya singano, mbali ya dalaivala kokulirapo kuposa mbali inayo.